Bokosi la Ziwiya

Tisananyamuke ku Gobernador Gregores
bambo anga, a Eulogio, agwada kumbuyo kwa galimoto.
Maso awo adachita mbuu zaka zinayi zapitazo,
tsopano zala ndizo zimawerenga.

Chiwaya chigona pansi popeza ncholemera.
Poto wamkulu akhala m'chiwaya, wamng'ono abisala mwa mkulu wake,
pakati pawo nsanza ya malaya akale
kuti zitsulo zisatukwanane panjira.
Makapu awiri avala sokosi zaubweya,
ina yobooka pachidendene.
Mpeni kudzanja lamanja, nsonga yozyolika.
Machesi m'kabotolo komwe mudali mankhwala a mtima.
Mchere m'kachitini kophwanyika chivundikiro,
shuga m'kosalala.
"Nélida, ukadzasinthanitsa ziwirizi, tidzamwa nyanja."

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.
Chiwongolero nchanga, mapu ndimawerenga ndine,
tayala likaphulika ndimagona pafumbi ndine,
koma bokosi ili sindiloledwa kuligwira.

Phula atha, miyala iyamba.
Galimoto injenjemera ngati yagwidwa malungo.
Iwo ali duu, khutu atchera kumbuyo.
"Ima."
Ndiima pakati pa chipululu, mphepo ikulimbana nane chitseko.
"Supuni yatuluka m'thumba mwake."
Ine sindinamve kanthu. Nditsegula:
iyo ili apo, ikugogoda botolo la gasi
ngati mlendo wamanyazi.

Madzulo, titapitirira Bajo Caracoles,
mphepo idazima moto katatu.
Adatembenuza bokosi likhale mpanda,
chivundikiro chake chidasanduka tebulo.
Tochi yanga idafa anyezi ali pakati.
Mdima bii. Ine manja m'mwamba, osadziwa kolowera,
iwo akungotola: mafuta awa, chipande ichi,
chotsegulira zitini pakona, pansi pa thaulo.
"Usiku ndi kwathu kuno," adatero, "khala pansi, mlendo."
Tidadya mphodza zotentha, nyenyezi zili ngwee.

Koma m'mawa mwake kudazizira koopsa.
Madzi m'chigubu adauma gwa,
zala zawo zidachita dzanzi.
Ndidawaona akusisita zivundikiro ziwiri,
uku, uku, kubwerezanso,
nkusankha cholakwika.
Supuni yodzaza idalowa m'chikho cha yerba.
Ndidatsegula pakamwa, mawu adakana.
Adayamwa kapaipi kachitsulo kamodzi.
Nkhope sidagwedezeke.
Adamwa mpaka chikho chidalira kuti chatha,
nkuchitsuka okha, osandipatsira
monga amachitira masiku onse.

Ndidapita kukagwetsa tenti.
Zikhomo ndidazizula pang'onopang'ono,
chingwe ndidachikulunga kawiri konse.

Pobwerera ndidapeza ziwiya zili mbwee pamchenga,
iwo atakhala patayala lapadera, manja m'khwapa.
"Longedza."
Basi, liwu limodzi.

Chiwaya pansi. Poto, nsanza, poto.
Sokosi yobooka ndidaveka kapu yanga.
Ketulo idandivuta, idakana malo onse,
mpaka ndidakumbukira kuti imagona chammbali,
mlomo wake utalowa m'chogwirira cha chiwaya.
Pakachitini ka mchere ndidamanga mphira
wodula kuchubu chakale, mfundo yaikulu ngati ndodo ya ng'oma,
yoti ngakhale chala chozizira chiipunthwe.
Sindidawauze. Adzaipeza.

Tidalowanso m'miyala, kuloza kumpoto.
Pasanathe makilomita asanu
china chake chidayamba kumbuyo:
ngwe, ngwe, ngwe-ngwe.
Ulendo uno ndidachimva ndine,
mwina foloko, mwina chivundikiro cha ketulo.
Phazi langa lidasendera kubuleki, kudikira lamulo.

Iwo adatembenuzira nkhope kuwindo
kumene maguanako amadumpha waya osawaona,
nayamba kuimba mluzu chapansipansi,
kutsata kugogoda kuja.