Botolo la pa Chingwe

Ndinalimanga m'khosi ndi chingwe cha nsapato
chaka chija makondakitala anandibera mabotolo atatu
mlungu umodzi.
Tsopano limakhala pa tebulo langa ku Kapata
ngati mbuzi yodikira wogula,
kuyenda kwake mpomwe chingwe chathera.

Pepala lake linasupuka kalekale.
Patsala theka la dzina la kampani
ndi chithunzi cha tsabola chimene mafuta anadya.
Koma aliyense amalidziwa.
Mnyamata wa njinga, thukuta lili kamukamu,
asanafunse mtengo wa tchipisi
dzanja lafika kale pa botolo.
Amayi ochokera ku Mwami ndi mitolo ya zitenje
amaligogoda kumatako katatu
ngati akutsitsimula mwana wotsamwa.
Ngakhale apolisi amalipempha mwaulemu.

Lachiwiri kunabwera bambo wa taye,
akudikira basi ya ku Lusaka.
Anathira, nalawa, natsinzina.
Anati, Mayi, dziko lino lasintha zonse,
ndalama, misewu, ngakhale nyimbo za m'tchalitchi,
koma kampani iyi yokha sinatinamize.
Kukoma kwake nkomwe kuja
atate ankatigulira pa malipiro,
botolo limodzi, ana asanu ndi awiri,
dontho dontho pa mazira a Sabata.
Anapukuta m'maso. Anati ndi tsabola.

Ine ndinangotembenuza mbatata m'chiwaya.

Ndikanamuuza bwanji
kuti za kampani zinatha m'botolomo
Malizani wanga asanayambe sukulu,
ndipo lero akumeta ndevu?
Kuti usiku uliwonse ku Mchini
ndimasinja kambuzi wa kuseri kwa bafa,
adyo, mchere, viniga wotchipa,
tomato amene Zelipa walephera kugulitsa,
mpaka zala kuyaka moti sindingagwire kumaso?
Fanulo yanga ndi khosi la botolo lina.

Kamodzi ndinayesa kunena zoona.
Ndinathira m'kambale koyera,
nkulemba kuti Tsabola wa Tisiyenji.
Tsiku lonse ntchentche zokha
ndizo zinabwera kudzalawa.

Choncho bamboyo ndinamupatsa chenji chake.
Anafunsa ngati ndingamugulitse botololo
akawaonetse ana ake.
Ndinati ayi, bwana,
limeneli ndi lomwe limandilipirira lendi.

Basi inaliza hutala.
Anathamanga akunyambita chala,
ine nkukhwimitsa mfundo ya chingwe.