Mipukutu itatu pa benchi

Chifunga cha ku Kaning'ina chatsikira mpaka pa khomo la shopu.
Luwinga yense wafunda bulangete lonyowa,
ine zala zauma, ndikuziotha pa chitsulo chowotcherera.
Mabolodi makumi anayi andandalika pa benchi,
a nyale za sola zopita ku Euthini,
timiyendo ta zipangizo talowa kale m'mabowo
tikungodikira chotigwira.

Anganile watsika basi ya ku Songwe m'mawa uno,
watula mipukutu itatu ya waya, yonse yopanda mtovu.
Wati, sankha mlongo, ndalama Lachisanu.

Woyamba ndi wa tini, siliva pang'ono, mkuwa wongolawitsa.
Umasungunuka pa madigiri mazana awiri ndi khumi ndi asanu ndi awiri,
umayenda bwino, umakumbatira mwendo wonse.
Koma mtengo wake! Ndinaufunsa kawiri,
ndimayesa khutu landinamiza.

Wachiwiri ndi tini ndi mkuwa basi, wa ife amphawi.
Ngwamakani, umafuna moto woposa,
ukauchedwetsa kanjira ka pa bolodi kamatukuka
ngati khungu la chala chopsa ndi phala,
ndipo nsonga ya chitsulo imadyeka mwezi usanathe.

Wachitatu uli ndi bizimasi.
Ameneyu ngwaulemu, kungomuyandikira wasungunuka kale,
sapsereza kanthu, sadya magetsi.
Ndinaukonda masiku awiri.
Kenako ndinagwetsa dala bolodi limodzi pa simenti,
mfundo inati thwa, ngati bisiketi.
Nanga msewu wa ku Euthini, pa kaliyala ya njinga yamoto,
udzausiya wamoyo?

A Zgambo, amene anandiphunzitsa ntchitoyi,
akhala pa kreti pakona, jekete mpaka m'makutu.
Zaka makumi atatu akukonza mawailesi ku Zigwagwa,
waya wa mtovu ataluma kumano
chifukwa manja awiri sankakwanira.
Akuti, mwana iwe ukuzunzikiranji?
Wakale uja umangoti see, mfundo n'kuwala ngati diso la mwana.
Zako izi zimatuluka zotuwa,
kasitomala adzati wadya ndalama yake.

Sindiwayankha. Ndiyang'ana pansi pa benchi.
Vinjeru wanga ali pomwepo, wa zaka zitatu,
akutola timadontho togwa, tozizira, tonyezimira,
akutisunga m'chitsekerero cha botolo.
Akuti ndi mikanda.
Mwezi wathawu ndinamupeza kamodzi kali pa lilime,
ndinakachotsa ndi chala changa chakuda ndi utomoni,
usikuwo tulo sitinabwere.
Mpukutu wakale ndinautsekera m'chitini, pamwamba pa shelefu.

Magetsi azima. Chitsulo chikuzirala m'dzanja langa.
Mvula yowaza yayamba pa malata,
yosanyowetsa msanga koma yosaleka.
Nditenga pensulo, kuseri kwa lisiti:
mfundo makumi asanu ndi limodzi pa bolodi,
kuchulukitsa ndi makumi anayi,
kuchotsa lendi, kuchotsa mayunitsi,
kuchotsa nsapato za Vinjeru zomwe zadikira kuyambira Isitala.

Timiyendo tating'ono, toopa moto, tidya siliva.
Mawaya onenepa a ku batire, opirira, adya mkuwa.
Wa bizimasi abwerere kwawo ndi Anganile,
akapeze ntchito yokhala pamalo amodzi.

Pofika fayifi magetsi abwera,
firiji ya mayi wa ma freezes yayambanso kung'ung'udza kuseri kwa khoma.
Ndipukuta nsonga, ndiika utomoni,
ndiwerenga mumtima, wani, thu, fili,
ndichotsa dzanja.
Mfundo yoyamba yakhala, yotuwa ngati mtambo wa lero.

A Zgambo adzuka pa kreti, avala magalasi omanga ndi ulusi.
Atenga pulayala, akoka mwendo. Akokanso.
Aubweza pa benchi osanena kanthu,
kenako apempha kuti ndiwaonetse pomwe ndaika moto.

Zatsala mfundo zikwi ziwiri ndi makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi.
Vinjeru, tuluka pansipo, ndisese kaye.