Kachiperoni ka M'thumba

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndakhala ndikupichira chingambwe m'mapepala akale a sikelo,
kuseri kwa shedi yoyezera tiyi,
mpaka chala chamkombaphala chinasanduka chachikasu
ngati nthochi yoiwalika pawindo.
Felesiya anatopa nako kulankhula.
Amangonyamula jekete langa ndi zala ziwiri
n'kukalipachika panja, pamtengo wa mapeyala.

Ndiye Loweruka la malipiro
ndinatsika minibasi pa Chitakale,
kulambalala milu ya zinanazi,
n'kulowa m'kashopu ka mafoni ka Wayisoni Nampinga
konunkha guluu ndi mabatire otupa.

Anayala zitatu pagalasi. Ati dzina lake vepu.
Choyamba chinali ngati wailesi ya mlonda,
mabatani mbwee, kawindo kothwanima manambala.
"Ichi chisiyeni, madala, n'cha ozolowera,
mtengo wake mungagule thumba la feteleza."
Chachiwiri ati chikatha mumataya.
Ndinapukusa mutu. Ndinakulira m'nyumba
momwe ngakhale chitini cha mafuta chimakhala ndi ntchito yachiwiri.

Kotsalako kanali kakuda, kotalika ngati chala,
kopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu.
Batani kalibe. Ungokoka basi.
"Oyamba kumene amatenga aka.
Chaja ndi ya foni yomweyo.
Koma kabotolo kapamwambaka, podi, kakauma mumagula kena,
ndipo ndisakunamizeni,
ndalama zanu zizitulukira pamenepo, pang'onopang'ono."

Ndinafunsa za batire,
poti kwathu kumalayini magetsi amabwera ngati mlendo.
Ati tsiku lathunthu, mukapanda kukaumirira.
Ndinafunsa ngati kamadontha m'thumba.
Ati mukakagoneka chozondoka.
Ndinafunsa ngati kamachiritsa.
Apo mnyamatayo anayang'ana kumsewu,
njinga ya kabaza inadutsa, ina inadutsanso.
"Ine ndimakonza mafoni.
Chikonga chilimo ndithu.
Za chifuwacho kafunseni kuchipatala pa boma."

Kenako ati sankhani fungo:
mango, sitiroberi, chinanazi.
Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.
Chinanazi! Cha m'kabotolo, chobwera pa ndege,
chimene sichinapondepo dothi lofiira,
pomwe chenicheni chili pakhomo pomwepa
chikudikira wogula ndi ntchentche zake.
Ndinatenga la fodya.
Mnzako woipa sumuthamangitsa usiku umodzi.

Ndalama ndinaziwerenga kawiri,
m'mutu ndikuchotsera sopo, ndiwo,
yunifolomu ya Ulemu yomwe yafika kale m'maondo.
Masamu anakana, anakana,
kenako anavomera monyinyirika
Wayisoni atadula faifi handiredi.

Panja phiri linali litabisala.
Chiperoni chinali chitatsikira mpaka m'minda ya tiyi,
kawawa kakunyowetsa malata mwakachetechete.
Ndinaima pakhonde la telala n'kukoka koyamba.
Palibe moto, palibe phulusa,
kautsi kozizira kanatuluka m'kamwa mwanga
n'kukalowa mwa akuluakulu ake.
Dzanja lamanzere, chitsiru,
linali likufufuzabe machesi m'thumba.

Kunyumba Felesiya anakatembenuza uku ndi uku,
anakayeza m'dzanja ngati tomato wa pamsika.
"Ndiye mwagula zingati?"
Ndinatchula mtengo, ndinadulako pang'ono.
"Goli ndi goli," anatero,
"ngakhale likhale la pulasitiki."
Sindinayankhe. Sananame.

Ndinakwera pampando n'kukaika pamwamba pa chitseko,
pomwe Ulemu safikira ngakhale atanyanyamphira,
pafupi ndi lumo ndi mankhwala a makoswe.
Mawa kusikelo kuli mzere wa madengu,
ndipo shedi ija ikundidziwa bwino,
sindikulonjeza kanthu.

Koma usikuwo, mvula ikuwaza,
ndinadzuka kukamwa madzi
ndipo mumdima ndinagunda chinthu chofewa pakhoma.
Linali jekete langa,
pamsomali wa m'nyumba.