Patapata ya Kumanzere

Ku Mabvuku madzi satuluka pampopi, amachita kusakidwa.
Ndinadzuka tambala asanaganize zolira,
ndinaima pamzere wa pamjigo mpaka dzuwa paliwombo,
n'kubwerako ndi chigubu chimodzi, khosi lili gwa.

Iwe Sungeni, wa zaka ziwiri ndi miyezi inayi,
unkangofuna kusambitsa chidole chako choduka mkono.
Potuluka m'nyumba ndinapeza dothi likumwa,
chigubu chili chogona, iwe ukuwomba m'manja:
"Amama, taonani mtsinje!"

Sindikumbuka kuti ndinawerama.
Ndikumbuka patapata ili kale m'dzanja,
katatu, kaya kanayi,
ndi Mai Shupikai kuseri kwa mpanda, m'chinenero chawo,
akuti mwana ndi dongo, muumbe akadali wofewa.
Ndinagwedeza mutu. Ankateronso amayi anga
ponditsina m'ntchafu ku Mufakose,
mwakachetechete, kuti oyandikana nawo asamve.

Unalira, n'kugona, n'kudzuka, n'kudya mbatata.
Ine ndinati zatha.

Koma Lachisanu, tikupita kokwerera kombi,
kamwala kanandilowa kuphazi.
Ndinangowerama kuti ndikachotse.
Iwe manja onse kumutu, maso otsinzina,
chiimire pakati pa msewu wafumbi,
kudikira.
Sunalakwe kanthu. Sunafunse n'komwe.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndi chitenje changa chakutchalitchi,
woitanira akung'amba kukhosi, "Mbare! Mbare!"
Ndinakuitana. Unabwera, inde,
koma cham'mbali, ngati nkhuku yokodoledwa ndi dzanja lofumbata,
diso lili kuphazi kwanga, osati kunkhope.

Usiku ndinakumva kuseri kwa kabati
ukulanga chidole ndi supuni:
"Madzi! Ukudziwa kumene achokera madzi, iwe?"
Mawuwo anali anga.
Ngakhale kawefuwefu wake, wanga.

Lero ndatunga zigubu ziwiri, msana ukudziwa.
Ndakupungulirako m'kachitini ka majarini,
ako ako, oti utaye mmene ufunira,
usambitse chidole, umwetse nyerere, kaya.
Wawayang'ana nthawi yaitali.
Kenaka wandiyang'ana ine.

Ndilibe kanthu kuphazi, mwanawe, taona,
ndaponda simenti yozizira,
patapata zonse ziwiri ndaziponya padenga.
Mai Shupikai akuti ndikukulera ngati dzira,
udzandikwera pamutu. Mwina.

Chidole chili kukhwapa kwako.
Madziwo sunawakhudzebe.