Ine Ndinali Mlongoti

Ku Ulongwe, Apwitikizi akadali pa ofesi,
Disembala ankafika ndi matope a m'mawondo
ndi mulu wa nsalu zodikira singano.
Malume Dionizyo, telala wa pakhonde la sitolo,
anali ndi wailesi yooneka ngati sefuliya.
Anabwera nayo kuchokera ku Halale
pamodzi ndi chifuwa, ndi jekete losowa batani limodzi.

Waya wake anaukoleka mu mtengo wa mapichesi,
koma mawu ankayera ndikaugwira ine.
Ndiye madzulo alionse ndinkakwera pa ndowa yovundikira,
dzanja m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho.
"Sitoniya, usagwedezeke,
London angatithawe."

Poyamba mkokomo, ngati mvula ikadali ku Domwe.
Kenako mluzu. Kenako belu.
Ndiye mzungu wolankhulira m'mphuno,
mnzake namuyankha, chitseko pha! mbale phwa!
khamu lonse la kutsidya kwa nyanja n'kufa nacho chikhakhali
m'kati mwa kasefuliya kathu.

"Akuti chiyani?"
Malume, phazi lili pa makina, mapini ali kukamwa:
"Akuti nkhukundembo ya Khirisimasi yathawa mpeni,
yapita ku ofesi kukadzilembetsa msonkho,
ati bola kufa pang'onopang'ono."
Ife tinkaseka mochedwa, eni nthabwala atatonthola kale.
Ngakhale sipayi Alubino, wobwera kudzafupikitsa buluku,
anaseka mpaka chipewa chofiira kugwa,
nachitola msanga, nayang'ana kumsewu.

Tsiku lina kunaimba ana,
timawu towonda ngati ulusi woyera.
Makina anaima okha.
"Awa akuimba za chisanu cha kwawo," anatero malume,
"chimagwa usiku ngati thonje, n'kukuta madenga ndi misewu."
Mai Kandida, amene msana unapindikira
m'minda ya thonje ku Mutarara,
anafunsa osaseka: "Nanga amatola ndani?
Amayeza pa sikelo ya yani?"
Palibe anayankha.
Ngumbi zinkazungulira nyali.

Batire linali ngati njerwa.
Masana tinkaliyanika pa denga,
koma dzuwa la Disembala ndi mlendo wosakhazikika.
Sabata lomaliza azungu aja ankanong'ona,
mitu yathu n'kugundana pa sefuliya,
mkono wanga utachita dzanzi mpaka m'khosi.
Usiku wa Misa wailesi inali zii,
koma malume anapitiriza kumasulira,
diresi la munthu lili pa miyendo,
mpaka belu la ku mishoni linatiitana.

Papita zaka. Nkhondo inatiwolotsa msewu wa ku Dedza,
mtendere n'kutibweza.
Sefuliya inasanduka chomwera nkhuku.
Malume tinawaika mvula isanayambe,
ndipo pansi pa sutikesi yawo tinapeza kalata
yopindidwa kanayi, yokulungidwa m'kansalu ka silika:
umboni wa bwana wawo wa ku Halale,
umene ankationetsa patali osalola tiukhudze.
Mwana wanga Zefirino, wophunzira ku msasa, anatiwerengera:
"Mnyamatayu ndi waukhondo, sasita moipa, sakuba.
Chingelezi samva,
kupatula bwera, pita, ndi tiyi."

Tinakhala chete, tikuyang'anana.
Ndiye nkhukundembo ija inali ya yani?
Bishopu wogwera m'phala, apongozi a wapolisi,
mphaka wodya kalata ya mfumu,
zonse zinkasokedwa pomwepo,
pakati pa pini ndi pini,
kuyezedwa pa thupi lathu ngati malaya.
Zefirino anayamba kuseka,
ine ndinatuluka panja.

Sindinadziwe mpaka lero zimene azungu aja ankaseka.
Mwina sizinali zoseketsa n'komwe.
Koma Disembala akafika phewa ili limandiwawa,
ndipo ndikamayanika zovala pa waya
nthawi zina ndimachedwa kutsitsa dzanja.
Adzukulu amati agogo akuona ngati mvula ikubwera.
Ndimangoti eya,
ikubwera.