Kalumo ka Mlendo

Ndimalemba khodi pa Lizulu,
kuseri kwa golosale ya a Chimtengo,
kumene netiweki ili ngati minibasi:
imanyamuka ikafuna yokha.

Ntchito ya mwezi uno ndi tsamba la pa intaneti
la kalabu ya alimi a kachewere,
kuti wogula wa ku Limbe aone mtengo
asanapange hayala lole.

Chaka chatha anandiseka kuti chida changa nchachikale.
Ndinaphunzira chatsopano mu Juni,
zala zitauma gwa ndi chisanu;
pofika Okutobala nachonso akuti chakalamba.
Kuti chingolemba mawu atatu,
"matumba makumi anayi",
chimayamba chaitana abale ake mazana asanu,
aliyense ndi mtolo wake,
onse kudzadya bandulo yanga.
Amene amasula zida zimenezi magetsi sawathimira.
Sanagwirepo foni ya a Nangozo, msungichuma wathu,
ya galasi long'aluka,
batire yomangidwa ndi mphira.
Tsamba likalemera, foniyo imangotentha
nkuyamba kusinza.

Tsono kwabwera mlendo uyu,
makina anzeru oyankha chilichonse.
Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Nkakuthwadi, ndisaname.
Lachiwiri usiku anandipezera nankafumbwe
yemwe anandifumbwira khodi masiku atatu:
mpatuliro umodzi wosowa pa mzere wa 212.
Ndinaseka ndekha mumdima,
mlonda wa pagolosale mpaka kudzasuzumira.

Koma mlendoyu pakamwa pake
sipatuluka mawu oti "sindikudziwa".
Anandipekera dzina la chida chimene kulibe,
maso ali gwa,
ngati woitanira basi wokuwa kuti "mmodzi yekha!"
mipando yonse ili yopanda anthu.
Nditamutsutsa anapepesa mwaulemu
nkupekanso china.

Analemba kuti kachewere agulidwe pa kilo.
Kuno timayeza pa ndowa,
ndipo ndowa ya m'mawa ndi ya madzulo nzosiyana,
ina anaigogoda kunsi,
ina ili ndi phiri pamwamba
chifukwa wogulayo ndi mlamu.
Sadziwa kuti ukangowoloka msewu kukagula kabichi
foni imakulonjera m'Chipwitikizi
nkukudyera mayunitsi.
Ndani akanamuuza?
Zathuzi sitinazilembe paliponse.

Sekerani, mwana wa mlongo wanga,
ndikumuphunzitsa ntchitoyi.
Amafunsa makinawo, nkukopera, nkumata:
"Amalume, zatheka!"
Ndikaloza mzere umodzi,
"Uwu ukuchita chiyani?"
amayamba kuwerenga malata kudenga.
Anthu amandifunsa ngati sindikuopa kulandidwa ntchito.
Pang'ono, inde; lendi sadikira.
Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi mnyamatayu,
kudzakhala mwini nyumba
wosadziwa kumene mawaya anadutsa,
tsiku limene utsi udzayambe kufuka.
Ndamulamula kuti Lachisanu lililonse
azilemba yekha, mlendo atamutsekera panja.
Amanyinyirika. Anyinyirike.

Dzulo ndinagwetsa zokongoletsa zonse,
zithunzi zovina, mabatani onyezimira,
abale mazana asanu aja ndinawaperekeza.
Kwatsala tsamba loyera, mayina, mitengo,
lopepuka ngati chikwatu.
Mlendo anandithandiza kusesa, nzoona,
koma tsache ndinagwira ndine.

M'mawa uno a Nangozo anabwera
matope a ku dimba ali kumapazi.
Anadina kamodzi. Linatseguka.
Sanayamikire.
Analiyang'ana nthawi yaitali, atalitalikitsa ndi maso,
nkunena kuti zilembo zachepa,
komanso dzina la Kadammanja lichoke,
sanapereke ya umembala chiyambire Epulo.

Ndisanayankhe, magetsi anathima.
Ndinatenga kope la Sekerani ndi cholembera:
"Nenaninso, mayi, pang'onopang'ono."