Cholembera Chofiira

Mapepala a sitandade 8 ndamaliza kuchonga,
udzudzu wa ku Lifuwu ukundiwerenga akakolo.
Awiri ndawaika padera.

Loyamba ndi la Mwatitha,
mwana wa akalaliki a kuchigayo cha mpunga.
Zilembo zake zafola ngati asilikali pa perete.
Wapeza 81.
Ndikudziwa kumene malikisi amenewa anamera:
pansi pa babu la sola,
pa tebulo la miyendo yofanana,
ku patitaimu ya Loweruka,
m'mawu a mayi ake ofunsa, "Homuweki ili kuti?"
Mwanayu sanabe kanthu. Anawerenga.

Lachiwiri ndi la Ndaziona.
Mafunso asanu ndi limodzi wayankha,
onse wakhoza,
kenaka pepala langoti mbee
ngati bwalo losesa m'mamawa.

Ameneyu amadzuka nkhuku zisanatsike
kukaingitsa mpheta m'munda wa eni ake,
kukoka chingwe cha zitini za miyala
mpaka mame atamuuma m'miyendo.
Amafika belu litalira kale,
mawu atasasa,
nditamufunsa funso amayankha monong'ona
ndipo anzake amaseka.
Kope ali nalo limodzi:
masamu kutsogolo, Chingerezi kumbuyo,
sayansi imapanikizika pomwe ziwirizo zakumana.

Funso lachisanu ndi chiwiri ndi la mafulakishoni.
Tinaphunzira mu Febuluwale.
Mu Febuluwale ndinaima pakhomo la kalasi ndine,
mndandanda wa ndalama ya chitukuko uli m'manja,
ndi kuitana dzina lake.
Sanatsutse. Anapinda kope lija
nalilowetsa m'jumbo ya shuga.
Masabata atatu malo ake
tinkaikapo ndowa yolandira madzi odontha.

Fomu ya boma ili ndi mizere itatu:
malikisi, nambala, ndemanga ya mphunzitsi.
Palibe mzere wa mpheta.
Palibe polemba kuti bambo ake
ali chigonere chikolole mpunga wa chaka chatha,
kapena kuti mwanayu amagawa ndalama ya ganyu
patatu, osatsala tambala,
mafulakishoni amene sindinamuphunzitse.

Ndalemba 34.
Pa ndemanga dzanja langa lazolowera,
lalemba lokha: "Limbikira."
Ndaliyang'ana liwulo nthawi yaitali.

Mawa pa asembule tiwerenga kuyambira nambala wani,
tiwomba m'manja,
ahedi anena kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Tochi yanga yayamba kufiira.
Kumunsi, ku sikimu,
wina wayamba kale kugwedeza zitini.